Zipolopolo Makumi Awiri za Agogo

Agogo anga aamuna ankanunkha mafuta opukutira mfuti. Ngakhale atasamba n'kuvala jekete yawo ya kutchalitchi, fungo lija linkatsalira m'zikhadabo ndi m'makwinya a zala, ndipo akandigwira dzanja podutsa msewu waukulu wa ku Edmonton, kumpoto kwa London, dzanja langa linkanunkha chimodzimodzi mpaka madzulo. Kuseri kwa nyumba yathu kunali kashedi kamatabwa kamene mvula inkakaomba pafupifupi tsiku lililonse, ndipo m'menemo ndi momwe fungolo linkachokera, losakanikirana ndi la parafini wa kambaula kofunditsira, la mtovu wosungunuka, ndi la tiyi amene ankamuiwala pawindo mpaka kuzizira. Sitima ikamadutsa kuseri kwa mpanda, timabotolo ta pashelefu tinkagundana, agogo n'kuimitsa dzanja m'mwamba kudikira kuti singano ya sikelo ikhazikike.

Dzina lawo anali a Sakala, kwawo ku Katete, koma unyamata wawo wonse unathera ku Malambo, m'chigwa cha Luangwa, kumene boma linawalemba ntchito yopha njovu ndi njati zimene zayamba kuvutitsa anthu m'midzi. Agogo aakazi atamwalira, amayi anga, amene anali namwino pachipatala chachikulu cha ku Edmonton, anawaitanitsa ku London. Ine ndinali ndisanabadwe. Munthu amene ankatsata mapazi a njovu anakalowa ntchito yotsuka mabasi, ndipo anaigwira osadandaula mpaka kupuma. Kumeneko anadziwana ndi a Dennis, mzungu wokonza mainjini, amene anawatengera ku kalabu ya anthu owombera chandamale kunja kwa mzinda. Bambo anga anabwerera ku Lusaka ine ndikukwawa, ndipo nkhani yawo imathera pomwepo. M'nyumba tinali atatu, agogo, amayi ndi ine.

Kuti nkhalamba yakuda yotsuka mabasi iloledwe kusunga mfuti m'nyumba mu London si nkhani yamasewera. Apolisi anabwera kudzagwedeza kabati yachitsulo kuti aone ngati yakhomedwadi kukhoma, anafunsa adokotala, anafunsa a kukalabu, ndipo pakapita zaka zingapo ankabweranso kudzafunsa zomwezo. Chiphaso chosungira mfuticho agogo ankachinyadira kuposa pasipoti. Ankati m'dziko muno aliyense amawaona ngati katundu wa mwana wawo, koma pepala limeneli likunena kuti eni dziko anawayesa n'kupeza kuti mutu wawo ndi manja awo n'zodalirika.

Mfuti yawo inali imodzi yokha, yolemera, ya mpope wautali, yolowa chipolopolo chimodzi basi. Ukawomba unkatsitsa chogwirira cha pansi, khoko lotentha n'kutuluka, ndiye n'kulowetsa china ndi zala. Anzawo ena a kukalabu anali ndi mfuti zodya zipolopolo zisanu kapena khumi, koma agogo ankaziseka. "Mfuti ya zipolopolo zambiri iphunzitsa munthu ulesi," ankatero. "Uwomba choyamba mtima uli pa chachiwiri." Zipolopolo za m'sitolo sankazikhudza n'komwe. Chilichonse chimene chinalowa mumfuti imeneyo chinapangidwa ndi manja awo m'kashedi kaja.

Kwa amene sanaonepo, chipolopolo chili ndi zinthu zinayi: khoko lamkuwa, kafataki ka kumatako kamene kamayatsa moto, wonga m'kati, ndi mutu wamtovu umene umauluka. Khoko likawombedwa silitayidwa, limatsukidwa n'kudzazidwanso. Agogo anali ndi thabwa limene anaboola okha mabowo makumi awiri. Makoko opanda wonga ankawaimika chozondoka, kukamwa pansi. Akayeza wonga pasikelo, ankatenga khoko limodzi, kulitembenuza, kuthira, n'kuliimika kukamwa kumwamba. Onse makumi awiri akatha, ankatenga tochi n'kusuzumira m'khoko lililonse, limodzilimodzi, milomo ikuyenda osatulutsa mawu, ndipo pokhapo m'pamene ankayamba kukhoma mitu. Nthawi yonseyi munthu sunkaloledwa kuyankhula, kutsokomola, ngakhale kufunsa nthawi. Ine ndinali mwana wapakamwa, wosagonja pa mtsutso, wa mtundu uja umene aphunzitsi amalembera kalata kunyumba teremu iliyonse, koma m'kashedi muja ndinkakhala duu pa ndowa yovundikira, podziwa kuti ndikangoti ndiyasamule andithamangitsira m'nyumba. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi," ankandiuza akamatsuka m'manja. Ankanditcha amayi n'kumandilemekeza ngati wamkulu, chifukwa dzina langa, Rute, linali la mayi wawo.

Ntchito ikatha m'pamene pakamwa pawo pankamasuka. Pashelefu panali zipolopolo zinayi zakufa, zopanda wonga ndi fataki, zimene anapempha kwa anzawo a kukalabu, ndipo ankazitsitsa n'kuziimika pamzere ngati ana a sukulu. Mlandu wa zipolopolo zimenezi ndinaumva kambirimbiri moti lero ndikhoza kuuweruza ndekha.

"Ichi, .375, n'chamapewa, chiuluka patali osakhota," ankayamba motero. "Padambo n'chabwino. Koma njati ikakutulukira m'tsekera pa mapazi khumi, ufuna chinthu choigwetsa pomwepo, osati choti ikafe mawa."

Kenako ankanyamula chonenepa ngati chala chachikulu. "Ichi, .500, ndiye mwini nkhani. Khoko lalitali, wonga ukhala momasuka, dzuwa lingatenthe bwanji sichisintha khalidwe. Onaninso kamkombero aka kumatako, amayi. Mfuti ya chipolopolo chimodzi ifuna pogwira kuti ikoke khoko, ndiye apa pogwira palipo. Koma chimenya phewa ngati bulu, ndipo makoko ake kuti uwapeze uyenda. N'cha azungu obwera ndi mahema ndi ophika."

Akafika pa chachitatu nkhope inkamasuka. "Ichi ndiye changa, .45-70, nkhalamba inzanga. Khoko lowongoka, mkombero ulipo, mutu woumba wekha chilandira osanyinyirika, ndipo khoko limodzi ulidzaza kambiri lisanang'ambike. Sichithamanga, koma chikafika chafika. Vuto lake n'limodzi." Apa ankatenga khoko lopanda kanthu n'kundiikira padiso kuti ndisuzumire. "Chinabadwa kale, nthawi ya wonga wakuda wa utsi, umene unkadzaza mpaka kukamwa. Wonga wa masiku ano ngwaukali, ulowa pang'ono chabe, malo n'kutsala. Ukathira kawiri khoko silikana, silisefukira, lingomeza. Ukakoka, mfuti iphulikira kumaso kwako ndi kwa mnzako ali pambali. N'chifukwa chake pali tochi."

Chachinayi, .458, ankachiimika patali pang'ono ndi zinzake, osanenapo kanthu. Ndinapirira zaka ziwiri, koma pakamwa panga panandigonjetsa, ndipo tsiku lina ndinafunsa. Anachepetsa moto wa kambaula, ndiyeno anandiuza.

Mfuti imene boma linawapatsa ku Malambo inali ya zipolopolo zimenezi. Khoko lake n'lalifupi, wonga amachita kuupanikiza kuti ukwane, ndipo mabokosi ena anakhalitsa m'nyumba yamalata ya kukampu, m'kutentha kwa m'chigwa muja, mpaka wonga unaumbana m'kati ngati mchere wa m'dzinja. Palibe ankadziwa. Tsiku lina anatumidwa kukatsata njati imene inali ndi waya wa msampha kumwendo, ndipo inali itavulaza kale mayi wina kumunda. Anapita ndi mlamu wawo Yohane, mlongo wa agogo aakazi, amene ankatsogola kuwerenga mapazi. Njati inadzuka pafupi. Agogo anawomba pamalo pake penipeni, koma mfuti inangoti phu, ngati munthu woyetsemula, mutu wa chipolopolo n'kungolowa pakhungu n'kuima. Pamene ankalowetsa chachiwiri, njati inali kale pa Yohane.

"Ndinamubereka ine," anatero. "Ndinakamutula kwa alongo ake, amene anali akazi anga. Kuyambira tsikulo ndinati chipolopolo chimene wonga wake sindinauone ndi maso anga sindidzawombanso."

Ndinazindikira ndili wamkulu kuti poimika zipolopolo zinayi zija ankafunsa funso limodzi zaka zonsezo, lakuti chikanakhala chiti mumfuti tsiku lija kuti Yohane abwerere kunyumba ndi miyendo yake. Ankayankha, n'kuzibweza pashelefu, sabata yamawa n'kuzitsitsanso.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zitatu, tinthu tinayamba. Makiyi a pakhomo anapezeka m'firiji. Poto anapserera pachitofu mpaka kubooka. Tsiku lina pochokera kumsika anakwera basi yolakwika, anafika kunyumba dzuwa litapendeka, atanyowa thupi lonse, n'kumakalipira madalaivala kuti asintha njira osauza anthu. Amayi anga, amene kuntchito ankasamalira nkhalamba zotere tsiku ndi tsiku, akafika kunyumba ankasanduka akhungu. "Ni ukalamba chabe," ankatero, n'kutaya poto uja m'bini agogo asanamuone.

Linali Lachinayi m'nyengo yozizira, nditangoweruka kusukulu. Loweruka lake kunali mpikisano kukalabu, ndipo ndinawapeza atayamba kale kudzaza. Ndinakhala pa ndowa yanga ndi yunifolomu yomwe. Anayeza wonga, anathira m'khoko, analiimika kukamwa kumwamba. Sitima inadutsa, dzanja linaima m'mwamba monga mwa masiku onse. Itapita, anayezanso wonga, ndipo m'malo motenga khoko lozondoka, anathira m'lomwe lija anali atangodzaza. Ndinaona ndi maso anga awa. Ndinadzitonthoza kuti tochi iwauza. Koma atamaliza mzere anayang'ana tochi ija ngati chinthu chimene mlendo waiwala, anaikankhira pambali, n'kuyamba kukhoma mitu.

Ndinaswa lamulo. "Agogo, lija mwathira kawiri."

Anatembenuka pang'onopang'ono. "Wakuuza ndani kuti uyankhule?"

"Ndipo tochi simunayatse."

"Ndayatsa."

Chimene chinandiopsa n'chakuti sankanama. M'maso mwawo munalibe chinyengo ngakhale pang'ono, ankakumbukira atayatsa.

"Wonga ndinayamba kuugwira amako asanabadwe," anatero. "Tuluka."

Pamene ndinabwererako, zonse makumi awiri zinali m'bokosi, zonyezimira, zofanana ngati mazira, ndipo bokosilo linalowa m'kabati yachitsulo, kiyi n'kulowa m'thumba la agogo.

Amayi ndinawauza madzulo omwewo, akuvula nsapato pakhomo. Ndinafotokoza m'Chingerezi, monga ndinkachitira nthawi zonse, iwo n'kumayankha m'chilankhulo chawo cha ku Lusaka.

"Iwe Rute, nalema ine. Uziba chani za mfuti iwe?"

Ndinawauza za khoko limene silikana. Anakhala pamasitepe nsapato imodzi ili m'manja, ndipo ndinaona kuti akundikhulupirira. Chimenecho ndicho chinawakwiyitsa.

"Uziba kuti tikakamba, apolisi azabwela kutenga vonse? Mfuti ija ndiye yamene iwasunga atate. Ukawachosela, azankala chabe pampando kuyembekeza imfa."

Ndinati akupita Loweruka.

"Pa Satade nili pa shifiti. Tizakamba nao pa Sande, tikachoka ku chechi, bwino bwino, na abusa alipo. Wamkulu sauzidwa na mwana. Kapena sunaone bwino."

Lachisanu lonse m'kalasi sindinamve kanthu. Ndinaganiza zobisa nsapato zawo, zonamizira kudwala, zoba kiyi wa kabati. Ndinapempherera mvula yamphamvu, kenako ndinakumbukira kuti powombera pawo m'pofolera. Koposa zonse ndinapemphera kuti ndikhale kuti sindinaone bwino. Ndinkadziwanso kuti a Dennis nthawi zonse ankawombera pafupi ndi agogo, kudzanja lamanzere, phewa ndi phewa.

Loweruka m'mawa amayi anali atapita kale. Galimoto ya a Dennis inaimba hutala panja. Agogo anatsika masitepe ndi chikwama cha mfuti paphewa, bokosi lija m'dzanja, chipewa choyera kumutu, akuimba kanyimbo ka m'mphuno. A Dennis anafika pakhomo kudzawalandira katundu. Ine ndinaima pakati pa chitseko.

Chichewa chimene ndinkatha kuyankhula panthawiyo chinali cha moni, cha kugwada, cha kulandira ndi manja awiri. Munalibe mawu ouzira wamkulu kuti walakwa, pamaso pa mlendo. Choncho ndinawadumpha agogo ngati palibe, n'kuyankhula kwa a Dennis m'Chingerezi. Ndinati m'bokosi umo muli chipolopolo cha wonga wothira kawiri, ndipo tochi sinayatsidwe. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi lero ndikugona bwino. Koma pakamwa panga pakatseguka sipadziwa malire. Ndinanena za makiyi a m'firiji, za poto, za basi, zonse, mawu akuthamangitsana, misozi ikutsika. Za makiyi ndi za basi sizinkafunika.

A Dennis anavula chipewa, nkhope itafiira mpaka m'makutu. Agogo anatsitsa chikwama n'kuchitsamiritsa kukhoma mosamala. Sanakuwe.

"Wandivula pamaso pa mlendo," anatero m'Chichewa. Kenako anauza a Dennis m'Chingerezi kuti mpikisano udikire, atsegula zonse. Anabwereranso kwa ine. "Tizula zonse makumi awiri. Zikapezeka zili bwino, ugwada pompano, upepesa, ndipo m'kashedi muja sudzapondamonso."

Tinalowa atatu, mopanikizana, mpweya ukutuluka utsi m'kamwa chifukwa kambaula sanakayatse. Chozulira mitu n'kanyundo kapulasitiki kobooka m'kati. Umaikamo chipolopolo, n'kumenya pa chipika mpaka mutu utasolotoka, wonga n'kukhuthukira m'kati mwa kanyundoko. Agogo ankamenya, gu, gu, gu, n'kukhuthulira wonga m'kambale ka sikelo, a Dennis n'kumawerenga singano. Choyamba chinali bwino. Chachiwiri chinali bwino. Tinafika pa chachisanu, pa chachisanu ndi chitatu, pa chakhumi, singano ikuima pamalo amodzimodzi ngati yakhomedwa. Msana wa agogo unayamba kuwongoka. A Dennis anandiyang'ana ndi chisoni.

Apa ndiulule chimene sindinauzepo munthu. Ine amene ndinakhala masiku awiri ndikupemphera kuti ndikhale wolakwa, ndinapezeka ndikupemphera kuti chipolopolo chija chituluke. Sindinkaganizanso za maso a agogo kapena nkhope ya a Dennis. Ndinkafuna kupambana mtsutso. Manyazi a chimenechi sananditherebe.

Pa chakhumi ndi chitatu, kambale kanadzaza mulu, singano n'kukagunda kumapeto. A Dennis anatsokomola, n'kunena kuti basi zakwana, munthu aliyense amalakwitsa, ngakhale iwo omwe zinawachitikirapo.

"Ndati zonse," anatero agogo.

Anapitiriza kumenya. Pa chakhumi ndi chisanu ndi chimodzi, mutu unasolotoka, anapendeketsa kanyundo, koma sipanagwe kanthu. Munalibe wonga ngakhale kambewu kamodzi. Agogo anatola khokolo, anatenga tochi ija, anaiyatsa n'kusuzumiramo nthawi yaitali.

"Phu," anatero chapansipansi.

A Dennis sanamve tanthauzo lake, koma ine ndinamva. Munthu amene anakana zipolopolo za dziko lonse chifukwa cha Yohane anali atapanga ndi manja ake chipolopolo chosawomba. Chakhumi ndi chisanu ndi chinayi chinalinso chothira kawiri. Chomaliza chinali bwino, ndipo anachiyeza mosamala ngati zinzake.

Sanandiuze kuti ndigwade, sanandithokozenso. "Iwe, pita m'nyumba," anatero osandiyang'ana. Dzina la amayi lija linathera pomwepo.

Lamulungu sanapite kutchalitchi. Anapukuta mfuti tsiku lonse, chitsulo chilichonse pachokha, n'kuipaka mafuta. Lolemba m'mawa anavala jekete ndi taye, anakhala pafupi ndi foni, n'kuimbira okha ku ofesi ya apolisi yoona za mfuti. Ndinawamva akutchula dzina lawo ndi nambala ya chiphaso m'Chingerezi chawo chowongoka cha kumishoni, kenako akuti mutu wawo wayamba kuwanamiza. Apolisi awiri anabwera sabata yomweyo, anthu aulemu, opukuta nsapato pakhomo. Agogo anapereka mfuti ndi manja awiri, kenako wonga, kenako chiphaso. Mmodzi anawayamikira kuti anthu ambiri sachita zotere mpaka atakakamizidwa. Zipolopolo zinayi zakufa zija anawauza kuti akhoza kusunga, popeza n'zitsulo chabe. Agogo anati atenge zonse.

Amayi ananena zoona. Kuyambira sabata imeneyo agogo anakhala pampando wa pawindo, manja ali pamaondo, kuyang'ana mabasi. A Dennis anabwera kangapo kuti apite nawo kukalabu akangocheza, koma anakana, ndipo patapita nthawi hutala ija inasiya kulira. Ine ndikalowa m'chipinda, ankayang'ana kunja. Ndikawapatsa tiyi ankalandira, n'kuthokoza ngati akuthokoza wogulitsa m'sitolo. Amayi sanandikalipire. Tsiku lina tikutsuka mbale anangoti, "Unachita bwino," maso ali m'madzi, kenako anakadzitsekera kubafa. Kutchalitchi nkhani inayenda n'kusintha zovala panjira, moti mpaka lero ku Katete kuli achibale amene amandidziwa kuti ndine mwana wa ku London uja anaitanira agogo ake apolisi. Ndinasiya kuwatsutsa.

Matenda anathamanga. Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, amayi analephera kuwasamalira okha pamodzi ndi ntchito, ndipo agogo anakalowa m'nyumba yosungirako okalamba ku Ilford. Chingerezi ndicho chinayamba kuwathawa. Ogwira ntchito kumeneko sankamva zimene akunena, ndiye ine, amene moyo wanga wonse ndinkayankha m'Chingerezi, ndinayamba kuthyola Chichewa mpaka chinawongoka. Ndinkapita Loweruka lililonse, mabasi awiri kupita, awiri kubwera. Anali atandiiwala. Ankayesa kuti ndine namwino wochokera ku Chipata, ankanditcha anesi, ndipo ankandikonda kwambiri. Ndikangolowa nkhope inkawala, n'kuyamba kundifunsa ngati mvula yagwa kwathu. Ndivomere kuti ndinasangalala nako kuiwalika kumeneku, chifukwa patatha zaka zitatu agogo anga ankandisekereranso.

Masana ena ndikuwawenga zikhadabo, dzanja lawo lili pabondo panga, anati, "Anesi, ine ndinali ndi mfuti."

"Inapita kuti, agogo?"

"Kunyumba kwathu kuli kamtsikana. Kapakamwa. Kanandivula pamaso pa mlendo."

Dzanja langa linaima. Ndikanatha kusintha nkhani, kufunsa za njovu kapena za mvula, koma ndine yemwe uja.

"Kananama?"

Anayang'ana khoma. "Iyayi. Sikananame. Kanaona bwino. Pakanapanda iko, bwenzi nditamupha Dennis."

"Ndiye munakakhululukira?"

Anandisisita pamkono mwachifundo, monga munthu amachitira ndi mlendo amene wafunsa za m'banja la eni. "Mukakaona, mukakauze kuti kanachita bwino. Koma kasabwere kuno. Sindifuna kukaona."

Ndinamaliza kuwenga zala zitatu zimene zinatsala. Ndinasesa zikhadabo ndi dzanja, ndinazitaya m'bini, n'kuwauza kuti uthenga ndikafikitsa. Ndinapitabe Loweruka lililonse kwa chaka china ndi miyezi, mpaka tsiku limene anatiitana kuti tikatenge zovala zawo, ndipo dzina langa sindinawauze ngakhale kamodzi.

Lero ndine mayi, ndili ndi mwana wamkazi wapakamwa ngati ine, ndipo akanditsutsa pa anthu ndimayesetsa kumva kaye ngati akunena zoona ndisanamve kuwawa. Amene amadziwa nkhaniyi amandifunsa ngati ndikanachitanso. Ndikanachitanso, kungoti za makiyi ndi za basi ndikanazimeza. Uthenga wa agogo ndinaulandira wonse, ndipo ndimausenza wonse, chifukwa mbali yoyamba sinafafanize yachiwiri. Zimandipweteka, ndipo sindiyembekezanso kuti zidzasiya. Agogo anaikidwa kumanda a kumpoto kwa London, ndipo kawiri pachaka ndimapita kukazula udzu ndi kutsuka mwala. Ndikafika ndimagwada, n'kuwauza kuti ndine anesi aja, ndabwera kudzawaona, ndipo kwathu mvula yagwa. Rute sanapiteko mpaka lero. Anamuuza kuti asabwere, ndipo kamodzi kokha m'moyo wake, wamvera.